KUPIMA TIMABOO TOPUMIRA MASAMBA

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za kanthu kakang'ono kwambiri, kakuti diso la munthu palokha silingathe kukaona, koma nsima yonse imene timadya inayamba yadzera pa kanthu kameneka. Ndirikunena timaboo timene tiri pa masamba a zomera. Ndidzayamba ndi nchito yace ya timaboo timeneti, ndipo pambuyo pace ndidzalongosola m'mene anthu ophunzira amapimira kuyasama kwace, pakuti kupimako kumatiuza zinthu zimene mlimi sangathe kuziona ali ciimire m'munda.

Inu amene mumatsika pansi mudziwa bwino kuti mgodi umapuma. Pamwamba pali mafani akulu okoka mphepo, pansi pali zitseko zoongolera mphepoyo m'njira zace, ndipo pali anthu amene nchito yao ndiyo kuyendayenda ndi zopimira, kuona ngati mphepo irikufika pa malo onse. Munthu mmodzi akasiya citseko cosatseka pamene ciyenera kutsekedwa, anzace a kutali ndiwo amabanika ndi kutentha. Tsamba nalonso liri nazo zitseko za mphepo. Koma mgodi uli nazo zowerengeka, pamene tsamba limodzi lalikulu la cimanga liri nazo mamiliyoni angapo, ndipo zonsezo zimatseguka ndi kutsekeka zokha, popanda kapitao woziuza.

Kodi tsamba lifuniranji zitseko? Ambiri timaganiza kuti mbeu imadya nthaka. Nzoona kuti m'nthaka imatengamo madzi ndi mcere wa mitundumitundu, ndico cifukwa cace timathira manyowa ndi feteleza. Koma umitsani phesi la cimanga, muliyatse moto, ndipo mudzaona kuti phulusa lotsala nlocepa ndithu. Phulusalo ndilo gawo lalikulu la zimene zinacokera m'nthaka. Thupi lonse lotsala mbeu inalimanga ndi madzi pamodzi ndi mpweya wina wa m'mlengalenga, wochedwa kaboni daiokisaidi. Ndi mpweya womwewo umene timatulutsa popuma, umenenso umacokera pa mbaula ya makala. Tsamba limaumeza, niliusandutsa shuga ndi mphamvu ya dzuwa, shugayo nasanduka ufa wa m'njere. Mpweya umenewu ngwocepa: pa magawo 10,000 a mphepo, magawo 4 okha ndiwo ace. Cotero tsamba liyenera kukhala lotsegula zitseko nthawi yaitali kuti likhute.

Bvuto lace liri pomwepo. M'kati mwa tsamba ndi monyowa, kunja kuli dzuwa ndi mphepo youma. Mukatsegula citseko usiku wa mwezi wa June kuti utsi utuluke, kufunda kwa m'nyumba kumatulukira pomwepo. Momwemonso citseko colowera cakudya ca mbeu ndico cotulukira madzi ace. Phesi limodzi la cimanga, kuyambira kumera kufikira kukhwima, m'dziko lotentha lingathe kutaya madzi odzaza dilamu lija la magaloni 44, ndiko kunena malita 200. Pa madzi onse amene mizu imakoka, otsala m'thupi la mbeu sapitirira magawo 3 pa 100. Ena onse amauluka ngati nthunzi. Mbeu ikatsegula imadya koma itaya madzi. Ikatseka isunga madzi koma igona ndi njala. Malonda amenewa imacita ora liri lonse, ndipo munthu wopima kuyasama kwa kaboo alikufuna kudziwa mbali imene mbeu yasankha pa ora limenelo.

Tsono tiyeni tikaone kabooko. Tsamba liri ndi khungu lopyapyala pamwamba ndi kunsi, lokutidwa ndi phula kuti madzi asatuluke cisawawa, ndipo timaboo tiri pa khungu limeneli. Mmodzi wa anthu oyamba kulemba za timabooti anali sing'anga wa ku Italy, dzina lace Marcello Malpighi, m'caka ca 1675. Ophunzira amacha kaboo kamodzi stoma, tambiri stomata, mau a Cigiriki otanthauza pakamwa. Dzinali nloyenera, cifukwa kabooko kali ndi milomo iwiri. Thupi la comera ciri conse nlomangidwa ndi tizipinda tamoyo tosawerengeka, ndipo milomo imeneyi ndi tizipinda tiwiri totere, timene timachedwa alonda. Pa tsamba la nyemba, la fodya kapena la matimati, alondawo aoneka ngati nyemba ziwiri zopenyana, kaboo kali pakati. Pa cimanga, mapira, mawere ndi udzu aoneka ngati minsi iwiri yogonekedwa pamodzi, yoonda pakati ndi yonenepa ku nsonga. Mitengo yambiri iri ndi timaboo kunsi kwa tsamba kokha. Cimanga ciri nato mbali zonse ziwiri. Kakombo, amene masamba ace amayandama pa madzi, ali nato pamwamba pokha.

Kutseguka kwace kuli cotere. Tengani cubu ca njinga, mumate cigamba cokhuthala mbali imodzi m'litali mwace, ndipo mupope. Mbali yopanda cigamba idzatamuka, ya cigamba idzakana, ndipo cubu cidzapindika ngati uta. Mlonda naye khungu lace nlokhuthala ku mbali ya kaboo. Akadzala madzi amapindika, mnzace napindikanso, ndipo pakati pao patseguka. Madzi akaphwa amagonerana, kaboo nkutsekeka. Hugo von Mohl wa ku Germany anaonetsa zimenezi m'caka ca 1856. Koma cimene cimakokera madzi mwa alondawo cinadziwika bwino mocedwa, m'zaka za 1967 ndi 1968, pamene ophunzira a ku Japan ndi ku America anapeza kuti kukaca alonda amasonkhanitsa mcere wa potasi, ndipo madzi amatsata mcerewo, monga mcere wa m'nyumba umakoka cinyezi nthawi ya dzinja. Potasi ameneyu ndi yemwe uja ali m'thumba la feteleza: pa manambala 10, 20, 10 a D Compound, nambala yotsiriza ndiyo yace.

Kanthu kotere tikapima ndi muyeso wanji? Yang'anani rula ya mwana wa sukulu, mbali ya masentimita. Timipata tating'onoting'ono tija ndi mamilimita. Tsono gawani milimita imodzi m'magawo 1,000. Gawo limodzi limachedwa maikuloni. Inchi imodzi iri ndi maikuloni 25,400. Tsitsi la munthu kunenepa kwace ndi maikuloni 50 kufikira 100. Kaboo ka tsamba la cimanga m'litali mwace ndi maikuloni 20 kapena kupitirira pang'ono, ndipo kakayasama bwino m'mimba mwace ndi maikuloni ngati 5. Timaboo 10 toyasama titagundizana sitingapose kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ndipo timaboo tonse ta pa tsamba, kutiphatikiza pamodzi, sitikwana magawo 3 pa 100 a khungu lace. Wina angafunse kuti dilamu lathunthu la madzi lidzera bwanji pa malo ocepa cotere. Horace Brown ndi Fergusson Escombe a ku England anayankha m'caka ca 1900: timaboo tating'ono tambiri totalikirana timapititsa mpweya wambiri koposa boo limodzi lalikulu lolingana nato tonse pamodzi.

Copimira cace ndi maikulosikopu, makina aja a magalasi amene ku cipatala amaonera tizirombo ta malungo m'magazi. Makinawa ali ndi galasi la ku diso, ndi lina la pansi loyandikana ndi cinthu coyang'anidwaco. La ku diso likakulitsa ka 10, la pansi nilikulitsa ka 40, cinthu cioneka cacikulu ka 400, ndipo kaboo ka maikuloni 5 kaoneka ngati mamilimita 2.

Komatu kuona si kupima. M'kati mwa galasi la ku diso amaikamo kagalasi kozungulira kolembedwa karula ka timipata 100, ndipo munthu akasuzumira, karulako kaoneka ngati kagona pa tsamba. Timipata ta karulaka tiribe dzina. Si mamilimita, si maikuloni, ndipo mukasintha galasi la pansi kukula kwace kusinthanso. Cifukwa ca ici wopima ayenera kuyamba wayesa karula kace, monga akulu a miyeso amayesa sikelo ya m'buchala ndi miyala yodziwika kulemera kwace. Amatenga kagalasi kena kamene opanga anajambulapo milimita imodzi yeniyeni, yogawidwa m'magawo 100, gawo liri lonse maikuloni 10. Amakaika pansi pa makina, nalinganiza marula awiriwo. Tinene kuti timipata 100 ta ku diso talingana ndi magawo 25 a pansi. Magawo 25 ndi maikuloni 250. Tikagawa 250 ndi 100, kampata kamodzi ka ku diso ndi maikuloni 2 ndi theka. Tsono kaboo kakadzaza timipata tiwiri, kayasama maikuloni 5. Munthu amene adumpha nchito imeneyi angathe kukhala pa makina mwezi wathunthu, koma manambala ace sadzathandiza munthu ali yense, cifukwa palibe angawafanizire ndi a mnzace.

Cotsala ndico kubweretsa kaboo pansi pa galasi kali monga kanaliri m'munda, ndipo apa ndipo pali nchito yeniyeni. Tsamba lathunthu nlokhuthala, kuwala sikulipyola bwino. Kulithyola ndi kupita nalo ku nyumba sikuthandiza, cifukwa likangocoka pa phesi madzi ace ayamba kuphwa, ndipo pofika timaboo tatseka kale. Francis Lloyd, amene anali kuphunzira zomera za m'cipululu ku Tucson m'dziko la America, analongosola njira yace m'caka ca 1908. Anali kusenda khungu la tsamba ndi kambaniro, tsambalo liri pa mtengo pomwepo, nkuliponya msangamsanga m'sipiriti yosasakaniza ndi madzi, yaukali koposa kacasu ali yense. Sipiritiyo imakoka madzi mwadzidzidzi, niumitsa alonda asanapeze mpata wakusuntha, ndipo kaboo katsala monga kanaliri.

Njira imene ambiri amatsata masiku ano njapafupi, yakuti ngakhale sukulu yosauka ingathe kuicita. Mudziwa m'mene phazi limasiyira cidindo pa matope. Wopima amatenga utoto uja woyera ngati madzi umene amai amapaka pa zikhadabo, umene ambiri amaucha Cutex, napaka pang'ono kunsi kwa tsamba, pa malo olingana ndi cikhadabo ca cala cacikulu. Pakapita mphindi 10 utoto wauma. Amamata selotepi pamwamba pace, nkusenda pang'onopang'ono, ndipo utoto ucoka pamodzi ndi selotepi utatenga cidindo ca khungu lonse, alonda ndi timaboo tomwe. Selotepiyo amaimata pa kagalasi, nalembapo dzina la mbeu, tsiku, ora, ndi mbali ya tsamba. Ena amayamba ndi phala lija la mphira limene asing'anga a mano amadindira m'kamwa, cifukwa siripweteka tsamba, ndipo utoto amaupaka pa mphirayo pambuyo pace.

Pa cidindo cimodzi amapima zinthu zitatu: utali wa kaboo, kuyasama kwace pakati peni peni, ndi kuculuka kwa timaboo. Kuwerenga kuculukako nkosabvuta. Bwalo lowala limene diso liona m'makina ambiri, pokulitsa ka 400, m'mimba mwace ndi pafupifupi theka la milimita, ndipo mabwalo otere 6 ndiwo alingana ndi kamalo ka milimita imodzi m'litali ndi m'mimba. Mukawerenga timaboo 12 m'bwalo limodzi, ndiye kuti pa kamalo kameneko pali timaboo 70 ndi mphambu. Zomera zambiri ziri ndi timaboo 50 kufikira 300 pa kamalo kotere. Lero ambiri amajambula cithunzi ndi kamera yomangirira pa makina, napima pa kompyuta. Koma kompyuta nayo iyenera kuyamba yauzidwa kukula kwa maikuloni imodzi ndi kagalasi kaja ka milimita.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo nchito iyi iri cimodzimodzi, pakuti cinthu cimene mulikupima ncamoyo ndipo cimamva. Mpweya wotuluka m'mphuno mwa munthu uli ndi kaboni daiokisaidi woculuka ka 100 kuposa mphepo ya kunja. Alonda akamva mpweya umenewu waculuka amayamba kutseka, cotero wopima akamaweramira tsamba nthawi yaitali, nalipumira, amasintha cimene anadzera kudzapima. Mthunzi wa cipewa cace ucita zomwezo. Utoto nawo suloweka bwino m'kaboo kotseguka pang'ono pokha, ndipo kaboo kotere kangaoneke ngati kotseka. Tsamba lanthete silifanana ndi lokalamba, la padzuwa silifanana ndi la pamthunzi, ndipo pa tsamba limodzi lomwelo pangakhale cigawo cotsegula ndi cina cotseka. Inu a ku migodi mudziwa kuti mwala umodzi sungathe kunena mkuwa wa mgodi wonse. Opima miyala amatenga zitsanzo zambiri pa malo osiyanasiyana. Kunonso wopima wabwino amatenga timaboo 20 kapena 30 pa tsamba limodzi, masamba angapo, ndi mbeu zingapo. Ndipo pali msampha wina umene uli mumtima mwa wopima mwini. Munthu akayembekeza kuti mbeu yothiriridwa iri ndi timaboo toyasama, diso lace limathamangira toyasamato. Mankhwala ace ndi akuti mnzace alembe manambala okha pa timagalasi, kuti wopimayo asadziwe kuti aka nka mbeu iti kufikira atatsiriza. Ine ndiyesa lamulo limeneli lalikulu koposa kukongola kwa makina.

Pali njira zinanso zosafuna galasi. Francis Darwin, mwana wa Charles Darwin, pamodzi ndi Dorothea Pertz, m'caka ca 1911 anapanga kacikho komata pa tsamba, kokoka mphepo kupyola m'tsambamo. Mphepo ikayenda msanga ndiye kuti timaboo tayasama. Zopimira za masiku ano za magetsi zimapana tsamba ndi kunena nthunzi yotuluka pa kamphindi kocepa. Makamera ena amaona kutentha, cifukwa tsamba lotulutsa nthunzi limazizira monga madzi a mumtsuko, pamene lotseka limatentha. Zonsezi zimafulumira, koma sizinena ngati nthunzi yaculuka cifukwa timaboo ntambiri kapena cifukwa ntoyasama kwambiri. Cimeneco cioneka pa galasi pokha.

Nanga kupima konseku kwatiphunzitsa ciani? Coyamba ndi tsiku la mbeu. Usiku zomera zambiri zimatseka, pakuti popanda dzuwa sizingapange shuga. Kukaca zimatsegula, ndipo nthaka ikakhala yonyowa zimakhala zotsegula kufikira madzulo. Koma nthaka ikayamba kuuma, comera cimapanga mankhwala ena m'thupi mwace ouza alonda kuti ataye potasi. Ophunzira a ku England anaonetsa m'caka ca 1969 kuti mankhwalawa amaculuka msanga m'tsamba lofota. Pamenepo timaboo timatsegula m'mawa mokha, dzuwa likakwera nkutseka. Mlimi akadutsa aona munda wobiriwira, nati zinthu ziri bwino, osadziwa kuti cimanga cace cagwira theka la shifiti, catsala cingoima padzuwa osadya. Pamene masamba ayamba kupotana ngati a anyezi, njalayo inayamba kale. Ikagwa pa nthawi imene cimanga cirikumasula ndi kutulutsa ndevu, njere sizigwira, ndipo mvula ya pambuyo pace singabweze kanthu. Ndizo zinacitika m'caka ca 2024, pamene mvula inadula pakati pa dzinja kwa masabata angapo. Pa 29 February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka, ndi kuti pa mahekitala 2,200,000 a cimanga, pafupifupi 1,000,000 anaonongeka. Inu a m'matauni munaona cilalaco pa mtengo wa thumba la ufa.

Mbeu zina ziri ndi macenjera ena. Cinangwa sicidikira kuti nthaka iume. Cikangomva kuti mphepo yauma cimatseka, nicisunga madzi a m'nthaka kuti ciwamwe pang'onopang'ono. Ndico cifukwa cace cina cimapirira pamene cimanga capsa. Cinanazi ndi khonje zinatembenuza tsiku: zimatsegula usiku kuli kozizira, nizisunga mpweya m'masamba, ndipo masana zimapanga shuga zitseko ziri zotseka. Madzi zimataya ocepa, koma taonani kucedwa kwace kukula.

Codabwitsa koposa ndi kaufiti, kaudzu kaja ka maluwa okongola kamene kamamera pa mizu ya cimanga ndi mapira. Makolo anakapatsa dzinali cifukwa cimanga cimanyentera ngati calodzedwa, kaufiti kasanaturukire nkomwe pamwamba pa nthaka. Opima anapeza kuti kaufiti sikasamala za malonda aja. Timaboo tace timakhala toyasama masana, nthawi ya cilala, ngakhale usiku. Kamataya madzi mosaumira, cifukwa madziwo si ace. Ndipo kutayako ndiyo pampu yace: kakamataya nthunzi yambiri koposa cimanga, madzi ndi zakudya za m'mizu ya cimanga zimakokedwera kwa iko. M'caka ca 2019 ophunzira a ku Japan ndi ku Sudan, poyesa mtundu wa kaufiti wa maluwa ofiirira umene umasautsa mapira, anaonetsa kuti alonda ace samva mankhwala aja olamula kutseka. Cotero dzuwa likakula, cimanga citseka zitseko zace kuti cisunge madzi, ndipo madzi osungidwawo amwa ndi mlendo. Mlimi amene azula kaufiti kasanabale njere, nasinthanitsa cimanga ndi nsawawa kapena soya, alikumenyana ndi mbala imene siigona.

Pali cinanso cimene cikhudza inu a ku migodi makamaka. Miyala ya mkuwa iri ndi sulufule, ndipo poisungunula pamatuluka utsi woyabwa pakhosi, umene anthu a ku Kankoyo ku Mufulira anaupatsa dzina lakuti senta. Utsi umenewu ulowa m'tsamba podzera pa timaboo tomweti. Ukafika m'kati monyowa umasanduka asidi, ndipo tsamba limapsa pakati pa mitsempha yace, niliyera kapena kufiira, mitsemphayo iri yobiriwirabe. Ndiye mudzaona cinthu cooneka cokhota: ndiwo zothiriridwa bwino, masana kuli dzuwa, ndizo zimapsa koposa, cifukwa zitseko zace ziri zotsegula, pamene comera ca ludzu cimene catseka cimapulumukako. Ku Lancaster m'dziko la England, m'caka ca 1970, anapezanso kuti mphepo ikakhala ya cinyezi utsi wa sulufule umacititsa timaboo ta mtundu wina wa nyemba kuyasama koposa kale. Mlonda amene anayenera kutseka ndiye amatsegulira mdani.

Kuwerenga timaboo kwanenanso za mphepo ya dziko lonse lapansi. Makolo athu asanayambe kuona mafakitale, kaboni daiokisaidi anali magawo 280 pa magawo 1,000,000 a mphepo. M'caka ca 1958, pamene anayamba kumpima tsiku ndi tsiku pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii, anali 315. M'caka ca 2024 anapitirira 420. Ian Woodward wa ku Cambridge anatenga masamba ouma a mitengo amene anasungidwa m'mapepala kwa zaka 200, nawerenga timaboo tace, ndipo m'caka ca 1987 anaonetsa kuti masamba a masiku ace anali ndi timaboo tocepa ndi magawo 40 pa 100 poyerekeza ndi akale aja. Mpweya wodya utaculuka, mitengo inacepetsa zitseko.

Poona ici, ena anaganiza zocepetsa timaboo dala. Ophunzira a ku Sheffield analengeza m'caka ca 2019 za mpunga umene anaupanga wa timaboo tocepa. Pa masabata amene anaupima unamwa magawo 60 pa 100 a madzi amene mpunga wamba umamwa, ndipo unapirira cilala bwino. Nkhaniyi njokondweretsa, koma tisafulumire kuomba m'manja. Tsamba limadziziziritsa ndi nthunzi yomweyo imene limataya, ndipo mbeu youmira madzi kwambiri ingapulumuke caka ca cilala, koma caka ca mvula yabwino nkubala mocepa. Anthu osankha mbeu, monga a ku Mount Makulu ku Chilanga ndi a ku Msekera ku Chipata, ciweruzo cao comaliza ndi sikelo ya zokolola za zaka zingapo pa minda yosiyanasiyana. Galasi limathandiza kulongosola cifukwa cace mbeu iyi yaposa inzace, kuti wosankha adziwe coyang'ana pa mbeu zotsatira.

Inu amene muli ndi kadimba kuseri kwa nyumba, thirirani m'mamawa kapena madzulo, madzi alowe pansi ndithu, ndipo phimbani nthaka ndi udzu wouma, kuti dzuwa likamakwera repu ndi matimati anu akhale ndi madzi okwanira kusunga zitseko zotsegula. Musadikire kufota, pakuti pofota masamba ataya kale maora ambiri a kudya.

Ndipo inu aphunzitsi amene muli ndi maikulosikopu yotsekeredwa m'kabati, itulutseni. Bzalani nyemba m'zitini ziwiri. Zikakula, cimodzi muzithirira, cina mucimane madzi masiku 4 kapena 5. Ana atenge zidindo kunsi kwa masamba pa 8 koloko m'mawa, pa 12 koloko masana, ndi pa 4 koloko madzulo, ndipo mwana mmodzi alembe manambala pa timagalasi, nabise pepala lace kufikira anzace atatha kupima. Ngati mulibe kagalasi ka milimita, awerenge timipata ta ku diso tokha, malinga onse agwiritse nchito makina amodzi ndi galasi limodzi la pansi. Akasankhe tsamba lanthete koma lotambasuka kale, ndipo apewe mtsempha waukulu wa pakati, cifukwa pamenepo utoto sudinda bwino.